Mnzathu wamangidwa kamba ka nkhuni, akuti asaine kuti wasiya yekha ntchito

Mayi Namakhwa:
Anzanga oimira antchito m'maesiteti ndithandizeni maganizo, mutu waima. Kwathu kuno ku Thyolo mnzathu wina wothyola tiyi, tingomutchula kuti bambo a Yamikani, alonda amugwira Lachiwiri madzulo ali ndi mtolo wa nkhuni za bulugama, iye akuti anatola zouma zogwa zokha koma alonda akuti anadula. Amutengera ku polisi, wagona komweko mausiku awiri tsopano. Dzulo kalaliki wabwera ku laini, ku nyumba za antchito, kudzauza mkazi wake kuti ntchito yatha ndipo nyumba atuluke pofika Lolemba. Ndiye m'mawa uno andiitana ku ofesi akuti pali njira yachidule, munthuyu asaine kalata yoti wasiya yekha ntchito, iwo akachotsa mlandu ku polisi, basi aliyense kwawo. Mkazi wake akulira akuti asaine bola atuluke muchitokosimo. Mwana wawo wamkulu ali Sitandade 8 mayeso ndi mwezi wamawa. Ine ndangoyamba kumene udindowu chaka chino, ndiwauze chani?

Ankolo Mulipa:
Asasaine. Zinazo tikambirana koma chimenecho muthamange nacho panopa, mumuuze mkaziyo akapereka chakudya masana akamunong'oneze kuti pepala lililonse lochokera ku ofesi asaliyike chala.

Ganizani wa ku Luchenza:
Ineyo zimandinyansa izi. Mtolo wa nkhuni munthu mpaka polisi? Malipiro ake omwewa akagule makala? Achemwali ingomemezani anthu mawa pasapezeke wonyamula dengu, tione ngati masambawo azithyola okha. Kapena titseke msewu wa ku fakitale, thirakitala isadutse.

Mayi Namakhwa:
Achimwene a Ganizani anthu ndi okwiyadi, dzulo pa sikelo nkhani inali yomweyi. Koma ndikuopa tingaonjezere ena muselomo.

Tadala (Mulanje boma):
Amayi pepani ndi zimenezi. Ine ndimathandiza anthu pa nkhani za malamulo ngati paralegal, si ine loya, koma zoterezi timakumana nazo pafupipafupi maka sizoni ikamatha. Chimene achita a ku ofesiwo ndi kumanga nkhani zitatu mtolo umodzi kuti muziona ngati ndi imodzi. Pali ya polisi, pali ya ntchito, pali ya nyumba. Mukazimasula muona kuti iwowo ndi amene ali pothina.

Ya polisi ndi yosavuta. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, akuti munthu akamangidwa azikaonekera ku khoti pasanathe maola 48, kupanda apo amutulutse. Anamugwira Lachiwiri madzulo, lero Lachinayi, maolawo akutha madzulo ano. Pitani ndi achibale awiri okhala ndi ziphaso zaunzika mukapemphe belo ya polisi, ndipo belo ya polisi ndi yaulere, wina akati ya fanta mumufunse dzina ndi nambala yake mwaulemu mulembe. Akakanakana pemphani kuonana ndi OC, mkulu wa polisi pamenepo. Ndiye onani apa, chimene akumugulitsa ndi siginecha yake ndi chinthu choti lamulo likumupatsa kale ulere lero lomwe.

Ya ntchito ndiye pali nyama. Employment Act ya 2000 gawo 57 ikuti sungachotse munthu popanda chifukwa chomveka, komanso ngati ukumuchotsa kamba ka khalidwe uyambe wamumva kaye mbali yake. Anamuitana ku hiyaring'i? Munthu ali muselo anamumva liti? Kalaliki kukauza mkazi pa laini si kuchotsa ntchito mwalamulo kumeneko. A ku ofesi akudziwa kuti apupuluma, nchifukwa chake akufuna kalata yosiya yekha, akangosaina iwo ayera m'manja, notisi palibe, severance (ndalama yolipira zaka zimene wagwira akamuchotsa) palibe, ndipo ku leba, ofesi ya boma yoona za antchito, akakafika adzangotulutsa pepalalo nkumati si uyu anatsanzika yekha.

Ankolo Mulipa:
Eyatu mwana wanga Tadala wanena. Ine zaka zanga zonse pa ukapitawo ndaona anthu ambiri akusaina chonchi, ena osadziwa nkuwerenga komwe Chingerezi chili papepalapo, kenako amabwera kwathu patatha miyezi isanu kuti ankolo ndithandizeni, nthawi itapita kale.

Mayi Namakhwa:
Zikomo kwambiri. Nthawi yake yodandaula ndi yotalika bwanji? Komanso a ku ofesi akuti ngakhale atati amulipire ndi zochepa chifukwa wagwira zaka 4 zokha. Koma ine munthuyu ndinamupeza, ndikulowa ine iye anali kale.

Tadala (Mulanje boma):
Miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe amuchotsa, dandaulo lifike kwa District Labour Officer, kwa inu ndi pa boma pa Thyolo. Wa leba amaitana mbali zonse, zikakanika pakatha mwezi nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito, ku Blantyre. Musadikire miyezi itatuyo, pitani Lolemba. Ndipo ku khotiko amene amavutika kuonetsa kuti chifukwa chinalipo ndi bwana osati wantchito.

Za zaka 4 zo mufunse bwino. Asanamulembe pamanenti anali wa sizoni?

Mayi Namakhwa:
Ndamufunsa mkazi wake pompano, akuti anagwira masizoni anayi otsatizana, kulowa Disembala kutuluka chakumapeto kwa Meyi, kenako ndi pomwe anamulemba pamanenti nkumupatsa nyumba.

Bambo Khoromana:
Ndilowepo apa, ine ndinakhalako pa ukalaliki wa malipiro ndisanabwere ku yuniyoni ndiye masamu awa ndimawadziwa mbali zonse. Gawo 43 la lamulo lomwelo likuti wa sizoni akamabwerera kwa bwana yemweyo masizoni otsatizana, nthawi yonse imene wagwiradi ntchito imaphatikizidwa. Sikuti masizoni anayi ndi zaka zinayi ayi, tisanamizane, amawerenga miyezi imene anagwira. Miyezi 6 kuchulukitsa ka 4 ndi miyezi 24, zaka ziwiri. Kuphatikiza 4 za upamanenti zikukwana 6. Ndiye kusiyana kwa 4 ndi 6 si kwamasewera chifukwa malire ali pa 5. Munthu akakwanitsa zaka 5 notisi yake ndi mwezi wathunthu ngakhale azilandira pa fotinaiti. Severance ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse zaka zisanu zoyamba, kuyambira chachisanu ndi chimodzi masabata atatu. Pa masamu a ku ofesi 4 kuchulukitsa ka 2 ndi masabata 8. Pa masamu oona 5 kuchulukitsa ka 2 ndi 10, kuonjezera 3, masabata 13. Apo sitinawerenge masiku a tchuthi amene sanapite, masiku amene wagwira fotinaiti ino, ndi chipukuta misozi ngati khoti lapeza kuti anamuchotsa mopanda chilungamo.

Koma chenjezo langa, severance siibwera ngati munthu wachotsedwa mwachilungamo kamba ka kuba. Ndiye musakamulonjeze ndalama ngati zili kale m'thumba. Akapanga hiyaring'i yabwinobwino nkupeza umboni woti anaduladi mtengo, nkhani isintha. Mufufuze nokha mwakachetechete, nkhunizo zinali zouma kapena zaziwisi, chikwanje anali nacho? Chitsa chatsopano alonda angakuonetseni?

Ganizani wa ku Luchenza:
Mapepala mapepala, munthu akugona pa simenti. Inu akuluakulu mumatizizira. Malo onsewa anali a makolo athu, lero mtengo wouma tikumangidwa nawo.

Ankolo Mulipa:
Ganizani mphwanga sukunama, ndipo palibe muno amene sakudziwa kuti ku Thyolo ndi ku Mulanje munthu umabadwira pa kamunda kosakwana nkomwe mizere khumi uku tiyi wayala phiri lonse. Agogo anga anagwira thangata, kulipira lendi ndi thukuta pa nthaka yomwe anabadwirapo, zinatha cha m'ma 1962 zimenezo. Ndipo mu 1953 kuno ku Thyolo zipolowe zinayamba ndi nkhani ya malalanje, anthu kugwidwa kuti aba malalanje pa esiteti, mpaka anthu 11 anafa. Ndiye usaone ngati mtolo wa nkhuni ndikuuchepetsa. Za a Vincent Wandale ndi People's Land Organisation mu 2016 unaziona wekha, anthu analowa m'minda ndi makasu, mapeto ake kumangidwa, malo ali pomwepo. Nkhani ya malo ndi yaikulu ndipo sinathe, koma si imene itulutse bambo a Yamikani madzulo ano. Ukatseka msewu mawa apolisi abwera ndi utsi wokhetsa misozi, agwira anyamata khumi, ndiye Mayi Namakhwa azikathamangira belo ya anthu 11 m'malo mwa mmodzi.

Tadala (Mulanje boma):
Kuonjezera apo, sitalaka ili ndi njira yake mu Labour Relations Act, simangodzuka nkuyamba, ndipo ikakhala yosatsata njira mwawapatsa chifukwa chochotsera anthu ena. Ngati anthu akufuna kuyenda mwamtendere kukapereka kalata ndi ufulu wawo, mumadziwitsa DC molemba maola 48 zisanachitike. Koma ine ndikanati mphamvu ya anthuyo muisunge, ikhale yoti a ku ofesi akuiona. Ganizani ngati uli ndi moto choncho bwera udzakhale mboni Lolemba.

Mayi Namakhwa:
Nanga nyumba? Chimene chikumuliza mayiyu kwenikweni ndi chimenecho, kwawo ndi kutali kupitirira Thekerani, mwana akachoka pano mayeso akalembera kuti poti senta yake ndi sukulu ya pompano.

Tadala (Mulanje boma):
Apa ndinene mosamala. Nyumba ya pa esiteti imayendera ntchito, ntchito ikathadi mwalamulo sangakhalemo mpaka kalekale, tisamupatse chiyembekezo chabodza. Koma panopa palibe kalata yomuchotsa, palibe hiyaring'i, ndalama zake sanalandire pomwe lamulo likuti zomaliza zilipiridwe pasanathe masiku 7. Ndiye atuluka pa chifukwa chiti? Chinanso, alonda kapena apolisi si amene amatulutsa katundu wa munthu panja mwa iwo okha, kutulutsa munthu mokakamiza kumafuna chigamulo cha khoti ndipo amabwera ndi a sheriff, anthu a khoti okwaniritsa chigamulo. Lembani kalata lero kwa maneja, yaifupi, yoti banjali likhalabe m'nyumbamo mpaka nkhani ya ntchito itamveka, mutchulemo za mwana wa mayeso. Makope atatu, ina kwa maneja asaine kuti walandira, ina ku leba, ina musunge. Lolemba pakhomopo pasakhale mayi yekha, pakhale inu ndi anthu ena awiri atatu achikulire, osatukwana osagwira munthu, wina azingojambula pa foni. Apolisi akachita zosayenera kuli Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo zikafika pofuna loya kuli a Legal Aid Bureau.

Bambo Khoromana:
Komanso muimbire a PAWU, yuniyoni ya antchito a m'maesiteti, ku ofesi yaikulu adziwe. Chiyambireni mgwirizano wa 2016 pakati pa yuniyoni ndi a Tea Association, bungwe la eni maesiteti a tiyi, pali ndondomeko ya madandaulo ndi ya chilango, maneja aliyense ali nayo mu diloo. Mukalowa mu ofesi muifunse, nkhope zimasintha.

Mayi Namakhwa:
Ndabwerako ku polisi. Poyamba amati wofufuza mlandu watuluka tibwere mawa, ndinangoti bwana maola 48 akutha 6 koloko, tionane ndi OC. Tadikira pa benchi mpaka cha m'ma 4, amutulutsa pa belo, sitinalipire kalikonse, akaonekerenso Lachitatu. Sanasaine. Akuti kalaliki anapitadi nayo kalatayo m'mawa koma mkazi wa bambo a Yamikani anali atafika kale ndi phala ndi uthenga woti asasaine. Chikwanje akuti analibe, anamanga mtolowo ndi luzi. Kalata ya nyumba ndapereka, maneja wakana kusaina koma mlembi wake wadinda chidindo pa kope yanga.

Vuto latsala limodzi, umboni wa masizoni anayi aja. Matikiti ndi mapeyisilipi akale anali kumudzi, ananyowa nkuonongeka ndi namondwe wa Freddy mu 2023 nyumba itagwa. Ofesi ikakana kuti sakumudziwa zaka zimenezo titani?

Bambo Khoromana:
Mabuku a malipiro ofesi imakhala nawo, wa leba ali ndi mphamvu yowaitanitsa. Mu dandaulo mulembemo zaka zake za masizoniwo ndi divishoni imene ankathyola, kuti asakanene kuti tasakasaka sitinapeze.

Ankolo Mulipa:
Musadalire mabuku a ofesi okha. Funsani kapitawo amene ankamuitana dzina m'mawa zaka zimenezo, ife akapitawo timasunga timabuku tathu, langa la 2015 ndikadali nalo mu sutikesi. Komanso buku lake la kuchipatala, ngati anadwalako malungo nthawi ya dzinja ali wa sizoni ndiye muli chidindo cha kiliniki ya pa esiteti ndi deti lake. Wothyola tiyi wosadwalako malungo masizoni anayi sindinamuone.

Mayi Namakhwa:
Ankolo mwalasa, buku la kuchipatala lilipo, linali kuno ku laini silinanyowe. Muli zidindo za masizoni atatu. Wachinayiwo kapitawo wake anapuma ali ku Bvumbwe, ndamuimbira akuti ayang'ana usiku uno.

Ganizani wa ku Luchenza:
Chabwino ndagonja. Lolemba ndibwera ndi njinga yamoto ndidzakutengeni inu ndi bambo a Yamikani kupita pa boma, mafuta ndi anga. Tinyamuke 7 koloko leba isanadzaze, koma pakhomo paja musiyepo anthu.

Mayi Namakhwa:
Pakhala amayi atatu a mu laini yomweyo ndi mkulu wa mpingo. Bambo Khoromana nditumizireni masamu aja pa pepala ndikawakopere bwino, foni yanga batire sichedwa kutha.