Mbiri ya sukulu za m'zoni yathu ndingaipeze kuti?

Moni nonse, makamaka inu aphunzitsi opuma ndi amene munagwirako ntchito m'maofesi a maphunziro.

Ndili m'komiti ya sukulu ina ya pulaimale kumudzi m'chigawo chapakati, ndipo anandituma kulemba mbiri ya sukulu za m'zoni yathu. Pandivuta ndi pa zaka. Akuluakulu amangoti yathu inayamba ngati kasukulu ka amishoni a Dutch, aja anafika ku Mvera mu 1889. Chaka chenicheni, aliyense ali ndi chake.

Ndinayamba ndi log book ya ahedi. Yakale inadyedwa ndi chiswe, masamba otsala amathothoka ukangowakhudza. Yomwe ilipo ikuyambira cha mu 1994, pomwe pulaimale inakhala yaulere ana n'kudzaza mpaka pansi pa mitengo. Ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni yathu, anandipatsa mayina a sukulu ndi chiwerengero cha ophunzira, za kale alibe. Agogo ena amene anaphunzira pamenepa amakumbukira sileti ndi kalasi yoyambira ya Sub A, koma chaka amangoti "njala ya 1949 isanafike".

Ndiye ndifunse: kodi ku National Archives ku Zomba amasunga malipoti a sukulu za kumidzi kuyambira 1926, pomwe boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro? Munthu wamba amaloledwa kuwawerenga, kapena pamafunika kalata? Nanga ku Nkhoma Sinodi, yomwe inachokera ku mishoni ya Dutch ija, woyenera kumuona ndani? Thiransipoti ndi ya m'thumba mwanga, sindikufuna kuyenda ulendo wachabe.