Kodi nyumba zakale zoonetsera kanema zinathera kuti?

Wa ku Angónia: Akuluakulu, bambo anga amasimba kuti ali mnyamata ankaonera kanema m'nyumba yaikulu mumzinda wa Tete. Kodi nyumba zoterezi zinafa bwanji, nanga lero zikugwira ntchito yanji?

Gogo wa ku Moatize: Mwanawe, titalandira ufulu mu 1975, boma linakhazikitsa bungwe la kanema, ndipo tinkaonera kanema wa nkhani wotchedwa Kuxa Kanema filimu isanayambe, koma nkhondo imene inatha mu 1992 inatisaukitsa, kenaka makaseti a vidiyo anadzamalizitsa zonse.

Mphunzitsi wa ku Tete: Mwanena zoona agogo. Nyumba zambiri zoterezi zinasanduka matchalitchi, poti mipando ndi nsanja zinalimo kale, ngakhale ine ndikanakonda achinyamata akanamachitiramo zisudzo. Ku Maputo, nyumba yoonetsera kanema ya Scala ya mu 1931 idakaimabe.