Mawaya aja a Land Rover ndawapeza komwe amapita

Ndinafunsa za mawaya atatu olendewera kuseri kwa dashibodi ya Land Rover Series III yomwe ndikukonza kuno ku Dedza. Munandiuza kuti galimoto zakale za ku Britain zimatsata mitundu ya mawaya ya Lucas, kampani yomwe inkapanga zamagetsi za galimoto, ndipo zoonadi.

Ndinachotsa kaye batire, n'kumayeza waya uliwonse ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi, kamene kamalira kakapeza nsonga ziwiri za waya umodzi) mpaka italira. Woyera wa mzere wabulauni unakathera pa swichi ya oyilo m'mbali mwa injini. Ndiwo umayatsa kababu kochenjeza oyilo akachepa mphamvu. Wobiriwira wa mzere wakuda unapita ku thanki, pansi pa mpando. Nditakwecha dzimbiri pamutu pake n'kuulumikiza, n'kubwezeretsa batire, singano ya geji ya mafuta inayamba kukwera pang'onopang'ono.

Wachitatu uja si wa fakitale ayi. Wina anaupachika pa waya wabulauni n'kukulunga tepi, mwina ankafuna wailesi. Amenewo ndi masewera oipa, chifukwa wabulauni umakhala ndi magetsi ngakhale kiyi wachotsedwa, ndipo sudutsa pa fiyuzi. Ndauchotseratu.

Zikomo achimwene a ku Ntcheu omwe munatchula za mitunduyi. Chatsala ndi hutala, ikungokhosomola.