Zotsatira za makamu atsopano mu 4A-GE yanga

Zikomo nonse amene munandiyankha funso lija, loti ndiike makamu (zitsulo zozungulira zotsegula mavavu) a madigiri 264 kapena 288 (nambala ikakula, mavavu amakhala otsegula nthawi yaitali) mu injini ya 4A-GE ya mavavu 16, ya Toyota Conquest yanga kuno ku Johannesburg. Ambiri munati 288 ndi ya mpikisano, m'tauni ingondizunza pa maloboti. Ndinamvera, ndinagula 264.

Achimwene amene munati ndisathamangire kukulitsa mapoti, mabowo odutsa mpweya a mu hedi (chigawo cha pamwamba cha injini), munanena zoona. Amakaniko anangosalaza m'kati, kukonza pokhala mavavu, kenako kupala hedi pansi pang'ono kuti kompulesheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) ikwere. Kamu yotere imachedwa kutseka vavu yolowetsa mpweya, ndiye kompulesheni ikakhala yakale galimoto imafooka ponyamuka, makamaka kuno kumtunda komwe mpweya ndi wopepuka kale.

Panopa ikangodutsa 4500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ikukoka mosangalatsa mpaka kumapeto. Ikaima ikunjenjemera pang'ono, ndipo mafuta ikumwa ndithu, apo ndisakunamizeni.

Amene mukufuna kuchita zomwezi, dziwani kuti hedi ikapalidwa taimingi ya makamu imasuntha, choncho gulirani limodzi mapule osinthika, a vernier aja, okonzera taimingiyo. Ife titawasintha m'pamene mphamvu yapansi inabwerera. Mipata ya mavavu onse 16 iyezedwenso ndi fila geji (chida choyezera mpata) injini itazizira, mashimu akale (tizitsulo tosinthira mipatayo) sangokwanira okha. Musanamange, ikani dongo la ana loseweretsa pamwamba pa pisitoni, bwezerani hedi mongoyesa, zungulitsani injini ndi dzanja, muone pa dongolo mpata wotsala pakati pa pisitoni ndi vavu. Lamba wa taimingi ikani watsopano.