Mkono wachitsulo wogwira kamera pa njinga ya olumala: ndigule kapena ndipite kwa owotcherera?

Wojambula wa ku Chilenje: Abale, ndithandizeni nzeru. Chidwalireni sitiroko, dzanja lamanja silinyamulanso kanthu, pomwe batani la kamera limakhala kumanja. Ndaona mkono wachitsulo wotchedwa Magic Arm, wa kampani ya Manfrotto, ndi chopanira chake, Super Clamp, choti ndimange pa chitsulo cha njinga yanga. Koma mtengo wake ndi lendi ya mwezi wathunthu. Ndigule?

Amalume a ku Matero: Iwe mphwanga, ndalama zonsezo? Pita ku Kalingalinga, anyamata owotcherera mageti aja akupangira tsiku limodzi. Bawuti yapansi pa kamera ndi imodzimodzi, ya kota inchi.

Mayi a ku Kabwata: Amalume, ine njira imeneyo ndinadzeramo. Anandiwotcherera cholimba ndithu, koma chouma gwa, chosapindika. Pa kitchen party ina mkwatibwi atagwada pansi, kamera yanga inali kuyang'ana khoma. Ndinachita kupendeketsa njinga yonse, mwana wanga atagwira kumbuyo. Pomwe ndinkatsitsa, mkwatibwi anali atadzuka kale. Amake anandifunsa chithunzi chimenecho, ine mawu kusowa. Mpaka lero chimandiwawa. Gulani achimwene, kamera izitsata munthu.

Amalume a ku Matero: Nanga ikathyoka, sipeya muipeza kuti? Ku Kamwala?

Mnyamata wa ku Kaunda Square: Za sipeya amalume akunena zoona. Koma china nachi, achimwene. Magic Arm yamtundu wa 143 ili ndi chogwirira chimodzi, mukachimasula mfundo zonse zitatu zimalefukira pamodzi. Dzanja lanu limodzilo lili pa chogwirira, adzagwire kamera ndani? Funani ya 244, yokhala ndi chopotokola, mumamasula pang'onopang'ono. Zonse ziwiri zimanyamula makilo 3 basi, ndiye lenzi yaikulu musaidalire pamenepo, makamaka podutsa m'maenje nthawi ya mvula.

Mayi a ku Kabwata: Eya, ndipo lamba wa kamera azikhala m'khosi nthawi zonse. Batani lisakudetseni nkhawa, rimoti yachingwe ndi yotchipa, mumangoiika pamwendo. Ena amagwiritsa yoluma ndi mano, ija ya odumpha pa ndege.

Wojambula wa ku Chilenje: Mwanditsegula maso, za kugwa kwa kamerazo sindinaziganize n'komwe. Chopaniracho akuti chimagwira paipi yoyambira mamilimita 13 mpaka 55, mawa ndiyeza ya njinga yanga. Mayi a ku Kabwata, Magic Arm yanu muli nayo kunyumba? Ndibwere Loweruka ndidzaiyese ndi lamanzereli ndisanatulutse ndalama?

Mayi a ku Kabwata: Bwerani m'mawa, masana ndili ndi ukwati ku Libala. Mutenge ndi lenzi yanu yolemera ija.