Anyani akusenda makungwa a paini, akufuna chani?

Mnyamata wa ku Namwera:
Abale ndithandizeni nzeru. Malume ali ndi kamunda ka paini m'mbali mwa phiri kuno ndiye anyani ayamba kusenda makungwa chakumtunda kwa mitengo, thunthu kungosala mbee utomoni uli chuchuchu, makungwawo n'kungowataya pansi osadya. Akamaba chimanga timadziwa ndi njala koma izizi ndi chani, mwano basi?

Che Mdala pa Boma:
Njala imeneyo achimwene. Masuku ndi matowo tinathera ku makala ndi kuotchera njerwa, mukufuna adye chani kkkk

Wa zankhalango:
Che Mdala njala ilipo inde koma si yokhayo. Khungwalo sakulifuna, akufuna kofewa koyera kali pakati pa khungwa ndi thunthu, momwe mumadutsa chakudya chochokera kumasamba kupita kumizu, kamakhala ndi shuga makamaka mtengo ukamakula mwamphamvu ndipo nthawi yomweyo khungwa limasendeka mosavuta. Kayang'anitsitseni posendedwapo, mupeza mizere ya mano pomwe amapala.

Si zakuno zokha. Pa phiri la Zomba nchima zinkasenda paini ngati momwemu mpaka anachitapo kafukufuku m'zaka za m'ma 1980. Ku Chimanimani ku Zimbabwe ndi ku Mpumalanga ku South Africa makampani a matabwa amalira ndi anyani, ku Brazil nakonso apusi akumeneko amasenda paini. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti si magulu onse amachita, gulu lina limangodutsa osakhudza mtengo, ndiye zikuoneka kuti amatengerana, wina akalawa ana amaonera.

Mnyamata wa ku Namwera:
Ndiye mitengoyo ifa?

Wa zankhalango:
Akasenda kuzungulira thunthu lonse kumtundako kumauma, mphepo ikabwera n'kuthyola. Ngati ndi mbali imodzi umapola koma pabalapo pamayamba kuola, thabwa lake pocheka limatuluka loipa. Yowonongeka kwambiriyo dulani msanga mupangeko mapolo kapena nkhuni.

Mayi a ku Monkey Bay:
Chonde tameki ayi, mudzapha agalu ndi mbuzi za eni ake, komanso mukatha gulu limenelo lina limabwera kudzalowa malo. Ife kuno kufupi ndi paki anyani timalimbana nawo daily, chomwe chimathandiza n'kulondera basi, mamawa asanatsike m'phiri mukhale mwafika kale ndi agalu. Ndipo atumeni anyamata, azimayife anyani amatiderera, umakuwa iwo n'kumangokuyang'ana.