Mlendo wanga wa ku America wayamba kudzitsekera m'chipinda, tsopano akufuna kukakwera Mulanje yekha. Ndichite bwanji?

A admin, chonde mundibisire dzina. Abale anga pagulu pano, ndikupempha nzeru zanu, makamaka inu amene munasungapo alendo ochokera kunja kapena munakhalako ku America.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Zomba kuno. M'mwezi wa August tinalandira mtsikana wa zaka 20 wochokera ku Minnesota. Anabwera kudzaphunzira miyezi inayi ku Chanco, ndipo m'malo mogona ku hostel iye anapempha kukhala pabanja la Chimalawi kuti aphunzire chilankhulo ndi khalidwe lathu. Mwana wanga woyamba anali atangopita ku Lilongwe kukayamba ntchito, chipinda chake chinali chabe, ndiye tinavomera ndi mtima wonse.

Masabata oyambirira pakhomo panali kuseka kokhakokha. Ankayenda ndi kabuku kolembamo mawu atsopano, m'mawa uliwonse "mwadzuka bwanji amayi", nsima ikumuotcha zala koma osafuna supuni. Ndinapita naye kumsika kukagula zitenje ziwiri, anaphunzira kumanga yekha. Loweruka lina tinakwera naye phiri la Zomba, tinakaima pa Emperor's View pomwe anaimapo mfumu Haile Selassie mu 1965, tinaona mathithi a Williams ndi dzenje la Chingwe, pobwerera tinagula ma strawberry kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Bambo a kunyumba anamuonetsa chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) ndi nyumba zakale za boma, kumufotokozera kuti likulu linali kuno mpaka 1975. Chilichonse ankafunsa, chilichonse ankajambula.

Tizinthu tina tinalipo. Tsiku loyamba anawaitana bambo a kunyumba ndi dzina lawo lenileni, ana anga anangoti kukamwa yasa. Ankapereka zinthu ndi dzanja limodzi, nthawi zina lamanzere. Ankapereka moni kwa akuluakulu akuyenda, osaima. Powoloka msewu ankayamba kuyang'ana mbali yolakwika chifukwa kwawo magalimoto amayenda kumanja. Zonsezi tinkangomuuza mwachikondi, iye ankamva msanga.

Koma chiyambire October mwanayu wasintha. Akabwera kusukulu amangodya pang'ono, "zikomo ndakhuta", n'kulowa kuchipinda, chitseko n'kukiya. M'mawa tiyi samumaliza, buledi amangomugwiragwira. Usiku cha m'ma 2 koloko ndimamumva akulankhula pafoni, kawiri konse ndamumva akulira. Ana a m'njira akamamukuwa "mzungu, mzungu" kale ankawabayibitsa akuseka, pano amafika nkhope ili yakugwa. Kutentha kwa mwezi uno nakonso kwamufooketsa, paja kwawo ndi kozizira kwambiri. Kwa aneba kunagwa maliro, ndinamutenga kuti akagone nafe kusiwa monga mwana wapakhomo. Anakhala bwinobwino usiku wonse, koma chibwerereni kumeneko wachita kuonjeza kukhala chete. Mtima wanga ukundiuza kuti mwina pamenepo ndinalakwitsa.

Chimene chandifikitsa pano ndi ichi. Dzana wandiuza kuti pa tchuthi chachifupi chikubwerachi akufuna kukwera minibasi yekha kupita ku Mangochi, Monkey Bay mpaka Cape Maclear, akabwerako apite ku Mulanje akakwere nsonga ya Sapitwa. Ine ndinati ayi, mwana wamkazi yekha sizingatheke. Iye anandiyankha mofatsa ndithu, osakweza mawu, kuti kwawo anayamba kuyendetsa galimoto maulendo ataliatali ali ndi zaka 17, ndipo kuti sakupempha chilolezo koma akungondidziwitsa. Abale, mawu amenewo anandilasa. Ndinakalowa kukhitchini misozi ili m'maso.

Bambo akuti musiyeni, ndi munthu wamkulu. Koma ine ndimakumbukira uthenga umene mayi ake ananditumizira pa WhatsApp tsiku lomwe anafika, kundithokoza kuti ndamulandira mwana wawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chitachitika china, ndidzawauza chiyani mayi amenewo? Komanso sindikufuna abwerere kwawo mu December akunena kuti ku Malawi anakhala m'ndende. Kodi kudzitsekeraku ndi kukwiya nafe kapena ndi matenda? Ndimulole apite? Nanga ngati ndi choncho, ayende bwanji kuti ine ndizigona tulo?

MAYANKHO

Mayi wina wokhala ku Texas:
Amayi, poyamba pukutani misozi, mwanayo sakudana nanu. Ndi kupukwa kumeneko. Ine nditafika kuno mwezi woyamba ndinkangodabwa ndi chilichonse, koma mwezi wachitatu ndinkalira m'bafa tsiku ndi tsiku, chonsecho palibe amene anandilakwira. Zachilendo zikatha kukoma, thupi limatopa ndi kumwetulira, kulankhula chilankhulo cha eni, kuyang'anidwa paliponse. Ndipo dziwani kuti kuno kutseka chitseko cha kuchipinda si mwano. Mwana amakula ali ndi chipinda chakechake, ngakhale mayi ake amagogoda. Kwathu munthu akadzipatula timati wakwiya, kuno amati akupuma. Za 2 koloko usikuzo musadabwe, nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola 7 kuyerekeza ndi ku Minnesota, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa November amakhala maola 8. Pamene inu muli m'tulo, mayi ake angoweruka kumene kuntchito. Chinanso, Lachinayi lachinayi la November kuno kuli Thanksgiving, tsiku lomwe banja lonse limakumana kudya limodzi. Kwa ambiri ndi lalikulu ngati Khrisimasi. Mwanayo akudziwa kuti chaka chino mpando wake ukhala wopanda munthu.

Bambo wina wa ku Kasungu:
Mayi, musalole kuti mlendo akulamulireni pakhomo panu. Anapempha yekha kukhala pabanja la Chimalawi, ndiye atsate malamulo a banja la Chimalawi. Mwana wanu weniweni akanati "ndikungokudziwitsani" mukanamusekerera?

Mayi wa ku Texas uja:
Bambo, mawuwo kwa ife ndi olemera, ndikuvomereza. Koma iye m'mutu mwake anaona ngati akupereka ulemu powauziratu m'malo mongonyamuka. Afunika kumuuza mmene mawuwo amamvekera m'makutu athu. Akangomukaniza osafotokoza, apita mobisa, ndipo zimenezo ndiye zoopsa.

Namwino wina wa ku Blantyre:
Amayi, funsani kaye mankhwala oteteza malungo amene akumwa. Alendo ambiri amabwera ndi doxycycline, Malarone kapena mefloquine. Doxycycline ukamwa m'mimba mulibe kanthu amachititsa nseru, komanso amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Mefloquine kwa anthu ena amabweretsa maloto oipa, kusowa tulo ndi nkhawa. Ngati ali ameneyo, apite akaonane ndi dokotala msanga, asangosiya yekha. Agone m'neti usiku uliwonse, ndipo akangomva kutentha thupi kapena kuphwanya, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Munthu amene sanakulire kuno malungo amamugwetsa mofulumira kuposa ife. Akakasambira ku Cape Maclear akumbukire likodzo. Zizindikiro sizioneka pompopompo, ndiye pakapita masabata angapo akayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel. Akadzabwerera kwawo adzamuuze dokotala wake kuti anasambira m'nyanja ya Malawi, chifukwa kumeneko matendawa sawaganizira msanga. Ndipo ngati kulirako kukupitirira, sakudya, sakupita kukalasi, uzani amene akuyang'anira ophunzira akunja kusukulu kwake. Mtolo umenewu musausenze nokha.

Mnyamata wina wa ku Mulanje:
Ine ndakulira m'munsi mwa phirili, ndipo pa Sapitwa pokha mayi mukunena zoona. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chakumapeto kulibe njira yooneka, ndi miyala yokhayokha yokwera chokwawa. Chifunga chimatha kutsika dzuwa likuwala, moti sungaone ngakhale mnzako ali patsogolo pako. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamwalira komweko atapitirira yekha wopanda womulondolera. Choncho nkhani si yoti ndi mkazi kapena ndi mlendo, ngakhale ife sitikwera tokha. Afikire ku Likhubula, alembetse ku ofesi ya zankhalango, atenge womulondolera wodziwika pamenepo, ngati ali ndi katundu atengenso womunyamulira. Ambiri amagona kanyumba ka Chisepo n'kulawirira m'mamawa kupita pansonga. Atenge juzi yokhuthala, pamwamba pamazizira ngakhale kunsi kukutentha. Apite mvula isanayambe kwenikweni, miyala ikanyowa ndi yoterera zedi. Akaona kuti masiku ndi ochepa, Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo akaonabe kukongola kwa phirili.

Mtsikana wina wophunzira ku Chanco:
Anti, vuto lina ndi loti mwina alibe anzake enieni. M'kalasi timawapatsa moni koma ambiri timachita manyazi kuwayandikira, ena amangowapempha nambala basi. Muuzeni alowe kwaya kapena timu ya mpira wamanja, kumeneko ndi komwe ubwenzi umayambira. Za ulendo wakunyanjawo, si woopsa ngati wanyamuka m'mamawa n'kufika kukadali kowala. Asayende usiku, asakwere kabaza wanjinga yamoto wopanda chipewa, asungitsiretu malo ogona, ndalama zambiri aziike mu Airtel Money kapena Mpamba. Ku Cape Maclear anyamata a m'mphepete mwa nyanja amakakamira kwambiri mtsikana akakhala yekha, ndiye ndi bwino apite awiri kapena atatu. Akakwera bwato kupita kuchilumba cha Thumbi kukaona nsomba za mbuna, aumirire jekete yoyandamitsa.

Bambo wina wa ku Dedza:
Alendo onse timangowathamangitsira kunyanja ngati dziko lathu ndi madzi okha. Mwana woti anabwera ndi kabuku kolemba mawu a Chichewa mupite naye ku Mua akaone Kungoni, malo amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. Zigoba za gule wamkulu zili mmenemo zambirimbiri, ndipo amafotokoza tanthauzo la chilichonse, kuphatikizapo miyambo ya maliro. Mwina zimene anaona kusiwa zija akazimvetsa bwino kumeneko. Kuno kwathu kulinso zojambula zamakedzana m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Komanso inu muli pafupi ndi Liwonde, bwanji osapita banja lonse tsiku limodzi mukaone njovu ndi mvuu mu Shire? Ana anu omwe mwina sanaonepo.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndawerenga lililonse, ngakhale amene mwandidzudzula. Dzulo madzulo magetsi atazima ndinamuitana kuti adzandithandize kusadzula nkhwani pakhonde, tili awiriwiri. Ndinayamba ndi kufunsa za mankhwala. A namwino munalasa, ndi doxycycline, ndipo amamwa akangodzuka asanadye kanthu. Lero wamwa atadya phala, tiyi wamaliza.

Kenako ndinamufunsa za maliro aja. Analira, n'kundiuza kuti agogo ake aakazi amene anamulera anamwalira chaka chatha, ndipo mwambo wonse unatha m'maola awiri, aliyense n'kubwerera kwake. Akuti ataona amayi atadzaza nyumba, akuimba mpaka kucha pafupi ndi namfedwa, chisoni chimene anachikwirira chinadzuka chonse. Sanakwiye kuti ndinamutenga. Ankangosowa poyambira kundiuza, poopa kuti ndiona ngati sakuyamika.

Inenso ndinamuuza mmene mawu ake aja anandipwetekera, kuti kwathu mwana amatsanzika, ndipo kutsanzika si kudzichepetsa koma kulola kuti akulu akudalitse ulendo. Anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri n'kupepesa. Tagwirizana kuti kunyanja apita ndi mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa ku Mangochi amene ndamuona kale ndipo ndalankhula ndi mayi ake, azindiimbira akafika paliponse. Za Sapitwa ndamuwerengera zimene analemba achimwene a ku Mulanje, wavomera kuti popanda womulondolera sakwera. Mantha sanandithere onse, koma sindimuletsanso. Ku Liwonde tipita tonse kumapeto kwa mwezi, ana anga akuwerenga masiku.

Tsopano ndithandizeninso apa. Ndikufuna kumuchitira Thanksgiving ija mwakachetechete, asadziwe. Dzungu ndi mbatata ndipeza kumsika. Koma nkhukundembo yamoyo ndingaipeze kuti kuno ku Zomba kapena ku Blantyre pamtengo wabwino? Ndipo amayi a ku Texas, uvuni wanga ndi waung'ono, yathunthu singalowe. Ndikaiduladula n'kuiotcha pambaula, kodi iye aona ngati ndi chakudya chomwe chija cha kwawo?